Bokosi la Chubu Chimodzi

Tadala mwana wanga, tsiku lija unaimba foni n'kundiuza kuti kuntchito kwanu mukusankha masikirini owonerapo zithunzi za odwala, ndiponso kuti abwana ako akufuna aakulu owala ngati a m'malo owonetsa mpira, ndinakalipa mpaka amayi ako anandilanda foni. Unadabwa kuti nkhalamba yopuma pantchito yapsa mtima ndi chiyani pa zinthu zimene sinazigwirepo n'komwe. Chigawo chino cha mbiri yanga ndalembera iwe, ngakhale abale ako nawonso awerenge. Masikirini anuwo sindiwadziwa, n'zoona. Koma zimene zimachitika anthu akasankha chowonerapo molakwika ndikuzidziwa, chifukwa ndinaziona ndi maso angawa.

Zaka za chipani chimodzi

Ntchito ndinayambira m'chipinda chamdima, kutsuka zithunzi za ekisireyi pa chipatala china cha kumtunda, kufupi ndi kwathu ku Ntchisi. Nditaphunzira kujambula ananditumiza kunyanja, m'boma la Nkhotakota chakumpoto, njira yolowera ku Dwangwa. Dzina la chipatalacho sinditchula, popeza ena mwa anthu ake akadali moyo. Ndinafika nyengo yotentha nditavala juzi, munthu wa kumapiri, ndipo anamwino anandiseka mpaka kugwira m'mimba. Juziyo ndinaipinda tsiku lomwelo, sindinaivalenso mpaka ndinachoka.

Ntchito yanga inali yodziwika. Wodwala akabwera ndinkamuimika pa makina, "pumirani m'kati, gwirani mpweya," n'kujambula. Filimuyo ndinkaitsuka m'mankhwala, kuiyang'ana pa kababu kuti ndione ngati yatuluka bwino, kuiyanika, kenako kupita nayo kwa a Nyirongo. Kuwerenga chithunzi sinali ntchito yanga, ndipo masiku amenewo ukalowerera ntchito ya mnzako unkaona zakuda. A Nyirongo anali munthu wa ku Rumphi, wamtali, wosakonda zolankhulalankhula. Pa pepala anali wothandizira dokotala, koma dokotala weniweni ankabwera mwa apo ndi apo, choncho kwa anthu onse adokotala anali iwowo. Ndinagwira ntchito ndi anthu ambiri, koma wosamala odwala ngati ameneyu ndinaona ochepa.

Zithunzizo ankaziwonera pa bokosi lopachikidwa pakhoma m'chipinda chawo. Linali bokosi lachitsulo, m'kati muli machubu awiri a magetsi, kutsogolo kuli pulasitiki yoyera ngati mkaka, m'mbali muli timabowo totulutsira kutentha. Umapanikiza filimu pamwamba, n'kuyatsa, mapapo a munthu n'kuonekera. Analisiya ndi azungu amene anamanga chipatalacho, ndipo pamene ndinkafika linali litatopa kale. Chubu chimodzi chinapsa. Tinapempha china, tinapemphanso, tinakumbutsa, mpaka tinatopa. Mankhwala otsukira ankatha, mafilimu ankatha, nthawi zina ndinkadula filimu imodzi pakati kuti ndijambule manja a anthu awiri, koma zonsezo zinkabwera pamapeto pake. Chubu chokha ndiye chinakana.

Apa ndi pamene akulowera a Mbewe, mkulu woyang'anira katundu ndi antchito. Anali munthu wamfupi, makiyi ali ngwengwengwe m'chiuno, wokonda kumata malamulo pakhoma kuposa kugula zinthu. Atamva kuti chatsala chubu chimodzi sanapite kukafuna china ayi. Anamata chipepala pambali pa bokosilo: lisayatsidwe popanda chithunzi. Ikani filimu, yatsani, onani, zimitsani, kenako chotsani. Ankati akusunga chubu. Patapita zaka wamagetsi wina anandiuza kuti kuyatsayatsa ndi kuzimitsazimitsa n'kumene kumapha chubu msanga, ndipo ndinaseka mpaka misozi, kuseka kwa mkwiyo. Koma nthawi imeneyo lamulo linali lamulo. Tinalizolowera mpaka linalowa m'manja, moti dzanja linkazimitsa lokha mutu usanaganize. Zaka zonsezo palibe amene anaonapo nkhope ya bokosilo ikuwala yopanda kanthu. Mfundo imeneyi uisunge, tidzaipeza kutsogoloku.

Chaka cha chisankho, 1994

Matipate atabwera pakamwa pa aliyense panatseguka, ndipo ine ndinali m'gulu la osangalala, sindibisa. Chimene sindinayembekezere ndi makomiti. Panabadwa komiti ya mjigo, komiti ya maliro, komiti ya khitchini, ndipo pamwamba pa onsewo komiti ya chipatala. M'menemo munali abusa, shehe, wamalonda mmodzi, ndi wapampando wa chipani chilichonse, chifukwa ukaitana mmodzi enawo ankati chipatala chagulidwa. Nkhani yoti kale ikanatha pa khomo la ofesi tsopano inkadya tsiku lonse ndi mabotolo a zakumwa.

Chaka chomwecho mpingo wina wa kunja umene unkatithandiza unatiuza kuti m'kontena yawo mwatsala malo a chinthu chimodzi, tisankhe tokha. Kaya bokosi latsopano lowonerapo zithunzi, la nkhope ziwiri, lotsekeka bwino, lobwera ndi machubu apadera. Kaya kompyuta ya sikirini yaikulu. Ine nditamva ndinathokoza Mulungu, poganiza kuti palibe chokambirana. Ndinali ndisanaidziwe komiti. Tsiku la msonkhano a Nyirongo anali ku Lilongwe ku wekishopu, popeza nyengo ya mawekishopu inali itayambanso, ndiye wa zithunzi ndinalipo ndekha.

A Mbewe anaimirira n'kukonza tayi. "Abale anga, dziko lasintha. Kunja madokotala sakupachikanso mafilimu pakhoma ngati nsomba zouma. Akuonera pa sikirini. Ife tikakamire bokosi la atsamunda mpaka liti?"

Ndinakweza dzanja. "Bwana, ndifunseko. Filimu yanga ndikatsuka n'kuyanika, ndidzailowetsa pati m'kompyutamo?"

"Zimenezo akatswiri adzatiuza."

"Akatswiri ake ali kuti, bwana? Makina athu amatulutsa filimu. Filimu imafuna kuwala koyera kofanana paliponse, basi. Panopa tili ndi chubu chimodzi, mbali ina ya chifuwa imawala, ina imakhala mumdima."

"A Mwale," anatero akumwetulira kwa enawo, "musabweze chitukuko m'mbuyo."

Mawu amenewa anandiwawa, ndipo akundiwawabe. Wapampando wa chipani china anafunsa ngati sikiriniyo ingaonetsenso vidiyo. Wa chipani chinacho, kuopa kutsalira, anati kompyutayo ikabwera pakhale mwambo ndipo a chipani chake ayimbe. Za mapapo a munthu panalibe anafunsapo. Kenako a Mbewe anati tivote, popeza tsopano ndi demokalase. Manja a kompyuta anadzaza chipinda. A bokosi tinali awiri: ine ndi Shehe Amidu a ku Kanyenda, mkulu wogontha khutu limodzi, amene anandiuza panja kuti kompyuta sanaionepo, koma bokosilo ankalidziwa chifukwa anaonerapo mwendo wawo utathyoka.

Kompyutayo inafikadi, mwambo unachitika, a zipani anayimba. Anaiika mu ofesi ya a Mbewe n'kuifundika chitenje kuopa fumbi. Kukabwera alendo ankavundukula, kuyatsa, alendo n'kugwedeza mitu, kenako n'kufundikanso. Alembi anapitiriza kugogoda taipi yawo yakale. A Nyirongo atabwerako n'kumva zimene zinachitika anangoti m'chilankhulo cha kwawo, "Yayi, adada," n'kulowa m'chipinda chawo.

Dzinja lotsatira

Iwe unali wakhanda, nkhungu za kunyanja sungazikumbuke. Ndi tizilombo touluka tating'ono kwambiri, timatuluka m'madzi nyengo ya mvula titaunjikana ngati utsi wa moto wa tchire. Mphepo ikatikankhira kumtunda timalowa paliponse, m'maso, m'mphuno, m'mbale, ndipo pamene pali getsi ndiye timathamangirapo. Anthu a kumeneko amatikola ndi madengu onyowa n'kuumba timitanda, amati ndi ndiwo yabwino. Ine wa ku Ntchisi sindinaizolowere. Dzinja limenelo zinabwera zambiri masana ena, mawindo ali otsekula, a Nyirongo ali pakati powerenga zithunzi. Tinasesa, tinakutumula mabedi, tinapukuta matebulo, basi n'kuiwala.

Patangopita masiku kunabwera mayi wina wachitsikana wa ku Kanyenda, dzina lake Asiyatu, mwana wamkazi woyamwa ali kumbuyo. Mwanayo anali Hamida, ndiye tonse tinkangoti amake Hamida. Anakwatiwa chitengwa, ankakhala kwa apongozi ake, ndipo ntchito yake inali kuwamba nsomba zimene mwamuna wake Yusufu ankapha. Anali atatsokomola nthawi yaitali, ataondako. M'makhololo sanapezemo kanthu, choncho a Nyirongo anati ajambulidwe. Ndinamujambula, ndinatsuka, ndinapita nayo filimu. A Nyirongo anaiika pa bokosi n'kuyatsa. M'mapapo monse munali timadontho toyera ngati munthu wamwaza mawere. Chimenecho ndi chizindikiro cha chifuwa chachikulu chomwazika, choopsa kwambiri, chosadikira. Anazimitsa, anachotsa filimu, n'kulamula kuti agonekedwe tsiku lomwelo. Masiku amenewo mankhwala ake anali jakisoni tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, wodwala ali m'chipatala.

Uyenera kudziwa mmene zinthu zinalili. Zaka zimenezo anthu ankafa kwambiri ndi matenda aja tinkaopa kuwatchula, ndipo kumudzi akamva kuti uje ali ndi chifuwa chachikulu ankamva kuti ali ndi kachirombo. Mawa lake apongozi ake aakazi anafika, analowa m'wodi osakhala n'komwe pansi, anamasula mwana pa bedi n'kumubereka. "Asayamwe matenda," anatero, n'kutuluka. Mlungu usanathe ankhoswe anabwera ndi uthenga woti Yusufu wapereka talaka, ndiko kuti wamusudzula. Kwa anzathu achisilamu talaka ikaperekedwa pamakhala miyezi yodikira, amaitcha eda, ndipo isanathe mwamuna akhoza kubweza mawu ake. Koma panalibe amene ankayembekezera zimenezo. Kwa iwo Asiyatu anali wakufa kale, chotsala chinali tsiku.

Ankakonda kudzakhala pa benchi kunja kwa chipinda changa, chifukwa kunali mthunzi. Masiku oyamba bulauzi yake inkanyowa ndi mkaka, iye n'kumaphimba ndi mpango. Sankalira. Tsiku lina anandiitana.

"Bambo Mwale, inu ndi amene munandijambula. Ine sindikudwala ngati anzanga ali m'katimo. Chisiyireni utsi wa nsomba, chifuwa chasiya. Chimene ndikumva ndi chizungulire cha jakisoniyu."

"Ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, amake Hamida. Pirirani."

"Ine kupirira ndipirira. Koma mwana wanga akudya chiyani?"

Ndinalowa m'chipinda chamdima n'kutseka chitseko.

Mvula ili pafupi kutha

Atadutsa theka la jakisoni wake, a Nyirongo anati ndimujambulenso aone ngati timadontho tija tikuchepa. Ndinajambula m'mawa. Filimu itangouma magetsi anazima, monga mwa masiku onse. A Nyirongo anali ndi mzere wa odwala panja, ndiye sanafune kudikira. Anatenga filimu yatsopanoyo n'kuikweza pawindo, kumene kunali kumwamba koyera. Mapapo anali oyera bwinobwino. Anamwetulira, n'kutenga yakale ija kuti ayerekeze. Nayonso inali yoyera bwinobwino.

"Adada Mwale, mwandipatsa ya munthu wina."

"Dzina ndi lomwelo, adokotala. Ndinalemba ndine."

Tinayang'anizana. Tinadikira magetsi, ndipo atabwera a Nyirongo anaika filimu yakaleyo pa bokosi n'kuyatsa. Timadontho tonse tinabwerera. Anaigwira pakona n'kuikankhira pambali pang'ono. Nthiti zinasuntha, mtima unasuntha, timadontho tinatsala pomwepo. Apo ndinatambasula dzanja n'kusolola filimuyo bokosi likuyaka, chinthu chimene sindinachitepo chimatireni a Mbewe lamulo lija. Nkhope yonse ya bokosilo inali mawangamawanga. Titamasula pulasitikiyo tinapeza kuseri kwake kuli nkhungu zokhazokha, zitamatirira n'kuumira pomwepo. Zinalowera pa timabowo ta m'mbali tija kutsata chubu. Kuwala kunkadutsa m'mipata mwake ngati m'sefa, n'kumatuluka timadontho pa mapapo a aliyense woikidwapo. Bokosi likazima, kunja kunkangooneka koyera ngati kale.

A Nyirongo anakhala pansi n'kugwira mutu. Ine ndinatukwana, Tadala, mawu amene sindingalembe pano. Tinatulutsa mafilimu onse a dzinja limenelo n'kuwaona pawindo limodzilimodzi. Mwamwayi ena onse amene anagonekedwa anali ndi tizilombo m'makhololo, mankhwala ankawayenera. Amene anagonekedwa chifukwa cha chithunzi chokha anali mayi uja. Jakisoni anamuimitsa tsiku lomwelo, kenako tinapita kwa a Mbewe titanyamula pulasitikiyo.

Anaiyang'ana, anatseka chitseko, n'kutsitsa mawu. "Mumutulutse. Mumuuze kuti wachira msanga, athokoze Mulungu."

"Sanachire, bwana," ndinatero. "Sanadwalepo."

"Kusiyana kwake n'kotani? Akupita kwawo wamoyo."

"Kwawo kuti? Anamusudzula, mwana anamulanda. Akapita ngati wochira, kumudzi adzati kachirombo kangogona. Mwanayo sadzamupatsa."

A Nyirongo ananena mosapsatira kuti iwo m'mabuku alemba zoona zokhazokha, ndipo mayiyo amuuza zoona. A Mbewe anati m'mabuku alembe zimene akufuna, mabuku satuluka pa geti. Chimene sankafuna n'choti wantchito wa chipatala apite kumudzi kukaulula. "Masiku ano manyuzipepala ali mbwee, akungofuna nkhani. Azungu a mpingo uja akamva adzafunsa kuti bokosi lawo latsopano tinalikaniranji. A zipani adzalozana zala. Mukufuna kutentha chipatala chonse chifukwa cha mayi mmodzi?" Kenako anandiyang'ana ine. "Cha ku Dwambazi uko kuli kachipatala kofuna munthu. Kulibe ekisireyi, kulibe magetsi, koma malo alipo." Kumbuyo kwawo kompyuta ija inali chikhalire m'chitenje chake.

Asiyatu tinamuuza masana omwewo. Anamvetsera mpaka pamapeto, sanatukwane, ngakhale akanatukwana ndikanamumvetsa. Anangoti, "Alhamdulillah. Koma mwauza ine, nanga ndine ndinatenga mwana? Ndikapita ndekha adzati ndathawa mankhwala. Mukandipatsa pepala adzati ndagula. Mukauze amene anamutengawo."

Ndikunena zoona, ndinachita mantha. Tinali ndi nyumba ya magetsi, sukulu ya azichimwene ako inali pafupi, ndipo ntchito yojambula ndi yokhayo ndinkaidziwa. Kupita kumene kulibe makina kunali ngati kundidula manja. Ndinafika kunyumba n'kuwafotokozera amayi ako, ndikuyembekezera kuti anena kuti ndiganizire ana. Iwo anali atakhala pa mphasa, iwe uli pa bere. Anandisiya ndimalize, kenako anafunsa, "Bambo a Tadala, akanakhala kuti andilanda uyu chifukwa cha tizilombo ta m'bokosi, inu mukanafuna wojambulayo atani?" Nkhani inathera pomwepo. Kusamutsidwa ndinasamutsidwadi mwezi wotsatira, ndipo n'chifukwa chake iwe unayamba sukulu ukuwerengera pa koloboyi. Bokosi latsopano linabwera ine nditachoka kale, litapemphedwa mwakachetechete, popanda mwambo, popanda woyimba.

Lachisanu, ku Kanyenda

Ndinasankha Lachisanu chifukwa amuna sapita kunyanja asanapemphere. A Nyirongo anandipatsa mafilimu awiri aja n'kunena kuti iwo aziwonera zithunzi pawindo mpaka ndibwere ndi pulasitiki ya bokosilo. Pulasitikiyo ndinaikulunga m'thumba mosamala kuti nkhungu zisayoyoke. Tinakwera matola ine ndi Asiyatu, anthu akutisunthira kutali atamva kumene tikuchokera. Titatsika tinayamba kwa Shehe Amidu, amene anali atangotuluka mu mzikiti. Ndinawafotokozera ndikukuwira ku khutu lawo labwino. Anapukusa mutu. "Bokosi lija? Tinawauza ife." Anatenga ndodo yawo n'kutitsogolera.

Pakhomo pa apongozi panasonkhana anthu ambiri kuposa amene tinawaitana. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pa mipando, amayi pa mphasa, Yusufu atatsamira mtengo wa mango, maso ali pansi. Asiyatu anakhala pa kamphasa kakekake kamene anamuyalira patali. Hamida anali kumbuyo kwa agogo ake. Dzuwa linali pamutu, ndipo ndilo ndinkafuna.

Ndinakweza filimu yokha kumwamba. "Awa ndi mapapo a amake Hamida. Onani, mulibe kanthu." Anthu anayang'ana mwaulemu, koma ndinaona kuti kwa iwo chinali chipepala chakuda basi. Ndinaiika pa pulasitiki ija n'kuikweza kudzuwa. "Tsopano onani." Timadontho tinatuluka, anthu anang'ung'udza. Ndinasuntha filimu, timadontho tinatsala. Ndinaichotsa, n'kutembenuza pulasitikiyo kuti aone kuseri kwake.

Azakhali ena a Yusufu anadzuka, anayandikira, anapala ndi chikhadabo, n'kununkhiza. "Aaa! Nkhungu izi! Zomwe zija tinadya dzinja lino!" Anthu anaphulika kuseka, ana akukankhana kuti aone. Kuseka kunapita, kunapita, kenako kunazima kokha, anthu atakumbukira amene wakhala pa kamphasa paja.

Yusufu anadzutsa mutu. "Ndiye mukuti alibe matenda?"

"Chifuwa chachikulu alibe, ndipo sanakhalepo nacho. Chinkamutsokomoletsa ndi utsi wowambira nsomba zanu. Cholakwa ndi cha ife a chipatala, ndicho ndabwerera."

"Nanga kachirombo?"

"Chimenecho ekisireyi sijambula, achimwene, kaya mwa iye kaya mwa inu. Sindinabwere kudzanama. Koma chimene munamuchotsera ndi ichi, ndipo ichi ndi nkhungu."

Shehe anakhosomola n'kunena kuti eda sinathe, khomo likadali lotsekula, ngati Yusufu ali ndi mawu anene pamaso pa mboni. Yusufu anazungulirazungulira, anati iye anangomvera zimene anthu ankanena, anati aliyense akanatero, ndipo pamapeto pake anang'ung'udza kuti wabweza talaka yake. Ankhoswe anaomba m'manja. Ine ndinapuma, ndikuganiza kuti ntchito yatha.

Asiyatu sanamuyang'ane n'komwe mwamunayo. Anadzuka pa kamphasa kake, anadutsa pakati pa anthu onse, n'kukagwada pamaso pa apongozi ake. "Amayi, ndipatseni mwana."

Agogowo anamasula nsalu. Hamida anayang'ana amayi ake ngati mlendo, n'kubisa nkhope pa phewa la agogo ake. Asiyatu anamutenga choncho akukana, anakhala naye pansi pomwepo, n'kumupatsa bere anthu onse akuona, kuti aliyense adziwe kuti palibe choopa. Mwanayo atamva fungo anakumbukira. Anagwira, anayamwa, anasiya. Anamutembenuzira kwina, anayamwa mwamphamvu, anasiyanso. Asiyatu anafinya ndi zala, kamodzi, kawiri. Munalibe kanthu. Mkaka unali utauma pa benchi paja, kunja kwa chipinda changa.

Mwanayo analira kulira koti pakhomo ponse panati zii. Kenako agogo aja analowa m'nyumba, anatuluka ndi kapu ya phala, n'kuiika pansi pambali pa mpongozi wawo. Asiyatu anaiyang'ana nthawi yaitali. Anabweza bere m'bulauzi, anatenga supuni, n'kuyamba kuuzira phalalo. Apo m'pamene ndinamuona akulira koyamba.

Nditafika kunyumba ndinakupeza uli pa bere la amayi ako, wakhuta, mkaka uli pakamwa, tulo tikukutenga. Chakudya sindinadye tsiku limenelo.

Ndiye masikirini anuwo akabwera nawo, uwayatse opanda chithunzi, uyang'anitsitse pakona ndi pakona, ndipo ufunse amene aziwerengerapo mapapo a anthu, osati amene azionetsa alendo. Abwana akowo akakuuza kuti ukubweza chitukuko m'mbuyo, uwapatse foni ndilankhule nawo. Amayi ako ndawauza kale kuti ulendo uno asandilande.